Kodi Mulungu adzatiweruza monga amachitira oweruza a pa kanema?

Mayi wina wachikatolika wandilembera motere:

"Bambo Mfumu, ine ndimakonda kuonera timavidiyo ta Judge Judy pa foni, komanso mipikisano ya oimba imene oweruza ake, monga Simon Cowell, amalankhula mosapita m'mbali. Mwezi wathawu ku mphakati kwathu tinkagawana mawu a pa Mateyo 25, onena za nkhosa ndi mbuzi, ndipo bambo wina adati: 'Mukafuna kudziwa mmene Mulungu adzatiweruzire, onerani mayi uja wa pa kanema. Sadzamva zifukwa za munthu, adzangodula mlandu.' Anzanga adaseka, koma ine ndidabwerera kunyumba mtima uli m'mwamba, chifukwa papita zaka zingapo osapita kokalapa, ndipo pali tchimo lina limene ndimachita manyazi kulitchula. Kodi Mpingo umaphunzitsadi zimenezi? Nanga ndimachimwa ndikamasangalala poona anthu akudzudzulidwa pagulu?"

Mayi, choyamba khazikani mtima pansi. Mantha amene mudabwerera nawo kunyumba tsiku limenelo sakutanthauza kuti Mulungu wakutayani. Akusonyeza kuti chikumbumtima chanu chikadali ndi moyo, ndipo munthu wotere amakhala pafupi ndi chikhululukiro kuposa mmene iye mwini amaganizira. Pa zaka zimene ndakhala ndikutumikira m'maparishi ndi kuphunzitsa makatekisiti, ndaona kuti ambiri amene amazemba sakramenti la kulapa si ouma mtima, koma adapatsidwa chithunzi cha Mulungu chimene chili ndi zoona pang'ono ndi zolakwika zambiri. Mawu a bambo a ku mphakati kwanuwo ndi otero, choncho tiyenera kupatula zoona zake ndi zosayenera kuzisunga mumtima.

Ndi bwino tidziwe kaye chimene timaonera. Judge Judy, amene dzina lake lenileni ndi Judith Sheindlin, adalidi woweruza ku New York kuyambira mu 1982, ndipo adagwira ntchito zaka zambiri m'khoti loona za mabanja ku Manhattan. Pulogalamu yake idayamba mu 1996 n'kutha mu 2021. Koma chipinda chimene mumaonacho si khoti la boma. Anthu okanganawo ankayamba asayina pepala lovomera kuti mayiyo akhale mkhalapakati wawo, milandu yake inali ya ndalama zosaposa madola 5,000, ndipo ndalama zimene wina walamulidwa kulipira zinkachokera kwa eni pulogalamu. Simon Cowell adatchuka ndi Pop Idol ku Britain mu 2001, kenako American Idol kuyambira mu 2002 mpaka 2010, ndi Britain's Got Talent kuyambira mu 2007. Amene ankaonera Idols ya ku South Africa pa DStv akukumbukira Randall Abrahams, amene naye sankanyengerera woimba wosokoneza nyimbo. Zonsezi zimajambulidwa, kudulidwa ndi kulumikizidwa kuti anthu asasinthe tchanelo, ndipo mawu olasa ndi amene amasungidwa chifukwa ndi amene amakoka oonera.

Komabe sindingakuuzeni kuti chimene chimakukokerani kwa oweruza amenewa ndi chachabe. Tonsefe tatopa ndi mabodza okometsera, ndi milandu imene imakhala zaka osagamulidwa, ndiponso ndi anthu amene amapulumuka chifukwa cha ndalama kapena chibale. Ndakhalapo pa maliro pamene achibale a malemu adayamba kuwerenga malata a nyumba ndi mipando manda asanaume, mayi wamasiye ali pamphasa, ana ake atamuzungulira, ndipo palibe amene adatsegula pakamwa. Munthu amene waona zotere akaona woweruza akuuza wabodza pamaso kuti akunama, mtima wake umapepuka, ndipo kupepukako kumachokera ku njala ya chilungamo imene Mulungu mwini adaika mwa ife. Papa Benedict XVI, m'kalata yake yotchedwa Spe Salvi imene adasayina pa 30 Novembala 2007, adaphunzitsa kuti kukhulupirira chiweruzo chomaliza ndi nkhani ya chiyembekezo, makamaka kwa onse amene adaponderezedwa m'dziko lino popanda wowalankhulira. Adanena momveka kuti chaulere cha Mulungu sichifafaniza chilungamo ndipo sichisandutsa choipa kukhala chabwino, kotero kuti pa phwando la kumwamba ochita zoipa sadzangokhala pamodzi ndi amene adawazunza ngati kuti palibe chimene chidachitika. Kwa mayi wamasiye uja, uthenga wakuti kuli Woweruza wosalandira ziphuphu ndi uthenga wabwino ndithu.

Ambuye Yesu nawonso adagwiritsapo ntchito woweruza wa pansi pano pofotokoza za Mulungu. Pa Luka 18 akusimba za woweruza amene sankaopa Mulungu kapena kulabadira munthu, koma adathandiza mkazi wamasiye chifukwa chotopa ndi kubwerabwera kwake. Phunziro la fanizolo ndi lakuti ngati munthu wouma mtima chotere adagamula mlandu wa wamasiyeyo, koposa kotani Mulungu amene amakonda osankhidwa ake. Mpingo udaika lamulo la kaganizidwe pa nkhani zotere pa msonkhano waukulu wa maepiskopi, wachinayi wa ku Lateran ku Roma, mu 1215, pamene udanena kuti kufanana kulikonse kumene tingakuone pakati pa Mlengi ndi cholengedwa kumakhala ndi kusiyana kwakukulu kuposa kufananako. Choncho Mkatolika angathe kuona kachithunzi ka chiweruzo cha Mulungu mwa woweruza wa pa kanema, koma ayenera kufunsa nthawi yomweyo kuti kusiyana kwake kuli pati.

Chimene Mpingo umaphunzitsa ndi ichi. Munthu aliyense akangomwalira amaweruzidwa payekha, ndipo amalowa kumwamba, kaya nthawi yomweyo kaya atayeretsedwa ku Purigatoriyo, kapena amapita ku chitayiko chosatha. Papa Benedict XII adatsimikiza mu 1336 kuti zimenezi sizidikira kutha kwa dziko, ndipo Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa mu 1992 amazifotokoza pa ndime 1021 ndi 1022. Kenako kudzakhala chiweruzo cha anthu onse Khristu akadzabweranso, monga timavomerezera pa Misa Lamulungu lililonse. Ndime 1039 imati pamaso pa Khristu, amene ndiye Choonadi, ubale weniweni wa munthu aliyense ndi Mulungu udzaonekera poyera, pamodzi ndi zotsatira zonse za zabwino zimene adachita kapena adalephera kuchita. Apa ndi pamene bambo aja adanena zoona. Mabodza amene timadzinamiza nawo adzatha, ndipo udindo, chuma kapena yunifomu ya bungwe la ku tchalitchi sizidzabisa kanthu. Mneneri Natani atasimbira mfumu Davide nkhani ya munthu wolemera amene adalanda kamwana ka nkhosa ka mmphawi, Davide adapsa mtima n'kugamula kuti munthuyo ayenera kufa, ndipo Natani adamuuza pamaso kuti munthuyo ndi iye mwini. Kulankhula kosapsatira kotere kulimo ndithu m'Malembo Oyera.

Koma mawu akuti Mulungu sadzamva zifukwa za munthu ndi olakwika, ndipo ndikufuna muwachotse mumtima mwanu. Pali kusiyana pakati pa zifukwa zodzitchinjirizira, zimene timapeka kuti tisavomere kulakwa, ndi zinthu zenizeni zimene zidatipanikiza pamene tinkachimwa. Katekisimu yemweyo, pa ndime 1735, amati kulemera kwa mlandu wa munthu kumatha kuchepa, mwinanso kuchokeratu, chifukwa cha kusadziwa, kukakamizidwa, mantha, chizolowezi chozika mizu, mavuto a m'maganizo kapena a m'dera limene akukhala. Kuti tchimo likhale lalikulu pamafunika zinthu zitatu pamodzi: nkhani yake ikhale yaikulu, munthu adziwe bwino lomwe, ndipo avomere ndi mtima wonse. Woweruza wa pa kanema amakhala ndi mapepala ochepa ndi mphindi zowerengeka, ndipo sadziwa mmene munthu adakulira, njala imene adagona nayo, kapena misozi imene adalira atachimwa. Mulungu amadziwa zonsezi kuposa inu eni, kotero kuti chiweruzo chake chimakhala cholungama kwambiri pa chifukwa chomwecho chakuti palibe chimene amachisiya kunja.

Nkhani ya Susan Boyle imaonetsa malire a maso a munthu. Mu Epulo 2009 mayi ameneyu, Mkatolika wa ku Scotland wa zaka 47 amene ankaimba ku parishi kwawo, adaonekera pa Britain's Got Talent. Asanayambe kuimba, kamera idaonetsa nkhope za anthu zomuderera chifukwa cha maonekedwe ake, ndipo oweruza nawo adaoneka okayika. Atangotsegula pakamwa holo yonse idaimirira. Chaka chotsatira adaimba ku Glasgow pa ulendo wa Papa Benedict XVI. Ambiri amakonda nkhaniyi chifukwa idathera bwino, koma ine ndimafunsa za amene adanyozedwa chimodzimodzi ndipo mawu awo sadali okoma. Pa kanema ulemu wa munthu umabwera pokhapokha akasonyeza luso. Pamaso pa Mulungu, monga adamuuzira Samuele posankha Davide, munthu amaona zakunja koma Ambuye amaona mumtima, ndipo muyeso wake si luso kapena kupambana. Werenganinso Mateyo 25 mofatsa. Mafunso ake ndi okhudza wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala ndi wam'ndende, ndipo a kudzanja lamanja akudabwa chifukwa sankadziwa n'komwe kuti potumikira anthu amenewa ankatumikira Ambuye. Yohane wa Mtanda Woyera adati kumadzulo kwa moyo wathu tidzaweruzidwa pa chikondi, ndipo Katekisimu adatenga mawu amenewa n'kuwaika pa ndime yomwe ija ya 1022.

Kusiyana kwina ndi kwa gulu loonerera. Pulogalamu ya pa kanema imafuna kuti munthu achite manyazi pamaso pa anthu, popeza popanda oseka palibe malonda. Yesu atabweretseredwa mkazi wogwidwa akuchita chigololo, pa Yohane 8, adayamba ndi kubalalitsa gululo, ndipo adalankhula naye za tchimo lake atatsala awiri okha. Sadalichepetse tchimolo, adamuuza kuti asakachimwenso, koma sadalole kuti manyazi ake akhale chionetsero. Mwina mungandifunse kuti, nanga chiweruzo chomaliza sichidzachitika pamaso pa anthu onse? Chidzaterodi, koma Mpingo umati cholinga chake ndi chakuti tidzaone tanthauzo la mbiri yonse ya dziko, ndi mmene chilungamo cha Mulungu chapambanira zosalungama zonse za zolengedwa zake. Kumeneko kulibe wokhala pa mpando wa oonerera, popeza aliyense adzakhala ndi mlandu wake, ndipo tchimo limene lidalapidwa lidzachitira umboni chifundo chimene chidalikhululukira.

Kusiyana kwakukulu kuposa konse kuli pa Woweruzayo. Judge Judy akagamula amapita kunyumba osataya kanthu, ndipo sadzamuonanso munthu amene wamudzudzula. Koma Yohane 5:22 imati Atate adapereka kuweruza konse kwa Mwana, ndipo Mwanayo ndi yemwe uja amene Yohane 3:17 imati sadatumidwe kudzazenga dziko mlandu koma kudzalipulumutsa. Amene adzakuweruzeni ndi amene adakuferani pamtanda, ndipo Paulo Woyera pa Aroma 8:34 akuti ndi yemweyo amene akutipempherera kudzanja lamanja la Mulungu. Ndiye chifukwa chake ndime 679 ya Katekisimu imati munthu amadziweruza yekha pamene akana chaulere cha Mulungu m'moyo uno. Mu Spe Salvi muja, Papa Benedict adatchula maganizo a akatswiri ena a zaumulungu akuti moto umene Paulo akunena pa 1 Akorinto 3, woyesa ntchito ya munthu aliyense, ndi Khristu mwini, ndipo kuti pamaso pake bodza lililonse limasungunuka, mopweteka koma mochiritsa. Petro adalawa zimenezi usiku umene adakana Ambuye katatu. Luka akuti Ambuye adatembenuka n'kumuyang'ana, ndipo Petro adatuluka kukalira kwambiri. Palibe mawu onyoza amene adanenedwa, koma choonadi chonse chidamufika, ndipo chidamubwezera kwa Ambuye m'malo momuthamangitsa.

Ndikuchenjezeni kuti musagwere mbali inayo. Ambiri amagawana pa Facebook timavidiyo ta Frank Caprio, amene adali woweruza m'khoti lenileni la mzinda wa Providence ku America ndipo adatchuka pokhululukira osauka zindapusa za pamsewu, n'kumati Mulungu ndi wotere. Chithunzichi chili pafupiko ndi Mthenga Wabwino, koma nachonso n'choperewera, chifukwa tchimo si chindapusa chimene chingangofufutidwa munthu osasintha mtima. Mpingo umatchula machimo awiri otsutsana ndi chiyembekezo: kutaya mtima, ndi kudzidalira koganiza kuti tidzakhululukidwa popanda kutembenuka. Gehena aliko, ndipo munthu angathe kusankha kukana Mulungu mpaka mapeto. Koma ndime 1037 imanenetsa kuti Mulungu sakonzeratu munthu aliyense kuti apite kumeneko. Kwa inu, malinga ndi kalata yanu, chiopsezo chili ku mbali ya kutaya mtima.

Tsono za funso lanu lachiwiri. Kuonera mapulogalamu amenewa pakokha si tchimo, ndipo kusangalala poona wabodza akugwidwa kapena wobera mnzake akulamulidwa kubweza n'chinthu chabwino. Chofunika ndi kudzifunsa moona chimene chikukusangalatsani. Ngati mumabwereza kavidiyo kuti muonenso nkhope ya munthu amene wagwetsedwa ulesi, kapena kukatumiza kwa anzanu kuti museke limodzi, pamenepo mtima wayamba kudya manyazi a mnzanu, ndipo ndi bwino kuchepetsa. Choopsa china, chimene ndimachiona kawirikawiri, ndi chakuti woonera amazolowera kukhala pa mpando wa woweruza, ndipo kalankhulidwe kameneko kamalowa m'nyumba, kwa ana, kwa wantchito, ngakhale m'kwaya. Anthu ena amalasa anzawo n'kumati iwo amangonena chilungamo. Thomas Aquinas Woyera adaphunzitsa kuti kudzudzula mbale ndi ntchito ya chikondi imene cholinga chake ndi kumukonza, ndipo iyenera kutsata ndondomeko ya pa Mateyo 18:15, yoyamba ndi kukambirana awiri. Katekisimu, pa ndime 1861, amati tingathe kunena kuti mchitidwe wakuti ndi woipa kwambiri, koma kuweruza munthuyo tiyenera kukusiya m'manja mwa chilungamo ndi chifundo cha Mulungu. Njira yomweyi muitsate ndi bambo a ku mphakati aja. Mwina ankangofuna kugalamutsa anthu, choncho mukapeza mpata muwauze pambali, mwaulemu, mmene mawu awo adakukhudzirani.

Ngati mukufuna malo a pansi pano amene amafanana kwambiri ndi chiweruzo cha Mulungu, malowo ndi amene mwakhala mukuwazemba. Ndime 1470 ya Katekisimu imati mu sakramenti la kulapa wochimwa amadziika yekha pamaso pa chiweruzo chachifundo cha Mulungu, ndipo mwa njira ina amachitiratu lero chiweruzo chimene chikadamudikira pa mapeto a moyo wake. Msonkhano waukulu wa maepiskopi wa ku Trent mu 1551 udati kukhululukira kwa wansembe kuli ngati chigamulo cha woweruza, ndipo malamulo a Mpingo a mu 1983, pa nambala 978, amakumbutsa wansembe kuti pomvetsera olapa iye ndi woweruza komanso sing'anga. M'bwalo limeneli wodzineneza ndi inu nomwe, palibe oonerera, ndipo aliyense wobwera ndi chisoni choona amatuluka womasulidwa. Kutchula tchimo kumapweteka monga zimakhalira namwino akamatsuka bala limene lakhala nthawi yaitali litamangidwa ndi kansalu, koma bala losatsukidwa ndi limene limanyeka mpaka kufika pa fupa. Wansembe saloledwa kuulula chimene wamva, zivute zitani, ndipo woulula amachotsedwa mu Mpingo nthawi yomweyo. Papa Francis adalembera ansembe mu 2013 kuti malo olapira asakhale chipinda chozunziramo anthu.

Ngati mukuchita manyazi ndi ansembe a pa parishi panu chifukwa amakudziwani, muli ndi ufulu wopita ku parishi ina, kapena kudikira nthawi ya Adventi kapena Lenti pamene m'maparishi ambiri mumabwera ansembe achilendo kudzathandiza, ngakhale ine ndingakonde mutapita msanga. Mukagwada, yambani ndi kunena kuti papita zaka zingati, ndiponso kuti pali tchimo limene likukuvutani kulitchula. Wansembe adzakuthandizani ndi mafunso ochepa. Simuyenera kufotokoza nkhani yonse mwatsatanetsatane, kungotchula tchimolo ndi dzina lake ndi kangati, monga mukukumbukira, n'kokwanira. Ngati tchimolo lidapweteka munthu wina, monga kumulanda katundu kapena kumuipitsira mbiri, mudzakambirana za mmene mungakonzere popanda kudziika pangozi. Ndipo ngati mungakumane ndi wansembe wolankhula mokalipa, chimene chimachitika ndipo chimandimvetsa chisoni, musaganize kuti mwamva mawu a Mulungu omaliza pa moyo wanu. Pitani kwa wina.

Pali nthawi imene mantha a chiweruzo amasanduka matenda a chikumbumtima. Zizindikiro zake ndi kulapa tchimo limodzimodzi mobwerezabwereza osakhulupirira kuti lakhululukidwa, kuona tchimo lalikulu pa kanthu kalikonse, kubwereza mapemphero poopa kuti simudawanene bwino, ndi kuleka kulandira Ukaristia ngakhale mwangolapa kumene. Ignatius wa ku Loyola, Alphonsus Liguori ndi Thérèse wa ku Lisieux, onse oyera a Mpingo, adavutikapo ndi zimenezi, ndipo malangizo akalekale ndi akuti wodwala chotere asankhe wansembe mmodzi womudziwa bwino n'kumamvera uphungu wake, m'malo moyendayenda kufunsa aliyense. Mukaona kuti mutalapa mantha akupitirirabe kwa milungu ingapo, tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, kapena ntchito za pakhomo zikukulemerani, kaonaneni ndi dokotala kapena mlangizi wa za maganizo ku chipatala chimene muli nacho pafupi, chifukwa nkhawa ndi kukhumudwa kwakukulu ndi matenda ochizika, ndipo kulandira chithandizo sikutsutsana ndi chikhulupiriro. Ngati maganizo akuti Mulungu adakutayani afika pokupangitsani kuganiza zodzipweteka, musadikire tsiku la kulapa. Uzani munthu amene mumamukhulupirira tsiku lomwelo, ndipo akuperekezeni ku chipatala.